Catamaran ya injini ya mamita 12: aluminiyamu kapena fiberglass?

Kondwani:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Ndikufuna kukhoma catamaran (bwato la mathunthu awiri) ya injini yotalika mamita 12, yonyamula anthu 8 ndi katundu wawo, yoyenda ma knot 16 (pafupifupi makilomita 30 pa ola) mosavutikira. Mathunthu onse awiri ndajambula kale mu pulogalamu ya pakompyuta ya Rhino, ndipo mnzanga wina wandiyesera mu OpenFOAM, pulogalamu yoyerekeza mmene madzi amayendera. Zithunzi zake nzosangalatsa, madzi akungodutsa bwinobwino m'mbali. Thunthu lililonse ndi lotambalala mita imodzi pamene likumana ndi madzi. Pa matani 7, kompyuta ikuti injini ziwiri za 110 hp iliyonse zikwana. Mafunso anga ndi awiri. Ndikhome ndi aluminiyamu kapena fiberglass yokhala ndi foam pakati? Nanga ndiike foil, phiko la pansi pa madzi lonyamula bwato, pakati pa mathunthuwo?

Yamikani:
Aluminiyamu aise, usavutike n'kuganiza. Ndibwera ndifotokoze ndikaweruka.

Nabanda:
A Kondwani, tisanafike ku aluminiyamu, matani 7 amenewo mwawatenga kuti?

Kondwani:
Ndayang'ana mabwato ena a msinkhu womwewo, achemwali. Ambiri akulembedwa kuti ndi matani 6 mpaka 8, ndiye ndangotenga pakati.

Nabanda:
Ndimayembekezera yankho lomwelo. Nambala imene amalemba pa kapepala kotsatsira malonda nthawi zambiri ndi ya bwato lopanda kanthu: mulibe dizilo, mulibe madzi, mulibe anthu, nthawi zina ngakhale nangula ndi tcheni chake mulibe. Inu mwaipereka kwa OpenFOAM ngati nambala yotsimikizika, ndipo kompyuta siyitsutsa. Mukaiuza matani 7 idzakuwerengerani za matani 7 mwaluso lonse, n'kukupatsani zithunzi za mitundu yokongola za bwato limene mwina simudzalikhoma.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Thunthu la mamita 12 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, poti ndi losongoka kutsogolo, limaphimba madzi pafupifupi masikweya mita 8 ndi theka. Awiriwo pamodzi ndi 17. Ndiye kuti makilogalamu 170 alionse amene mwawonjezera amamiza bwato ndi sentimita imodzi. Tani imodzi, masentimita 6. Bwato la thunthu limodzi la msinkhu womwewo lili ndi mimba yaikulu, tani imodzi silimva kwenikweni. Catamaran imamva chilichonse, chifukwa chimene chimaipatsa liwiro, kuwonda kwa mathunthu, ndi chomwechonso chimaimana mphamvu yosenza.

Bwato likamira masentimita 9 kapena 10 kuposa mmene munajambulira, zinthu zitatu zimachitika nthawi imodzi. Kumbuyo kwa thunthu kumalowa m'madzi n'kumakoka madzi owinduka. Khungu la thunthu lokhudza madzi limachuluka, kukhuzana kumachulukanso. Ndipo mlatho wolumikiza mathunthu, umene anthu amakhalapo uja, umayandikira mafunde. Ma knot 16 aja amasanduka 13, mwini bwato n'kuyamba kunena wogulitsa injini.

Phiri:
A Nabanda anena zonse. Ine ndingowonjezera kuti bwato silinenepa tsiku limodzi. Limanenepa pang'onopang'ono, aliyense akuti kakang'ono aka sikapweteka. Wina wapaka resin (guluu wolimbitsa fiberglass) wambiri pa kona kuti pakhale polimba. Mwini wake wafuna jenereta. Mkazi wake, kapena mwamuna wake, wafuna filiji yachiwiri. Wa magetsi wakoka mawaya onenepa kuposa pa pulani. Ndinagwirapo ntchito pa bwato lina limene patsiku lolitsitsira m'madzi mzere wa penti umene tinajambula kuti ukhale pamwamba pa madzi sunaoneke n'komwe kumbuyo. Mwini wake anangolamula kuti tiupentenso m'mwamba, nkhani n'kuthera pomwepo. Penti inakwera, koma liwiro silinabwerere.

Kondwani:
Ndiye kuti ntchito yonse ya CFD, kuyesa madzi mu OpenFOAM kuja, yapita pachabe, bambo Phiri?

Nabanda:
Ayi, simunataye. Mwangoyambira kumapeto. Ndiponso kwa mathunthu owonda ngati anuwo simufunika CFD pachiyambi. J. H. Michell analemba masamu a mafunde opangidwa ndi zombo zowonda mu 1898, ndipo mpaka lero amagwira ntchito bwino pa mathunthu otere. Pali kapulogalamu kotchedwa Michlet kamene kamagwiritsa masamu amenewo, kamayesa maonekedwe ambirimbiri pa nthawi imene OpenFOAM ikulimbana ndi amodzi. Maxsurf nayonso ili ndi njira yofanana. Yesani kaye kumeneko matani 7, 8 ndi 9, muone mmene mphamvu yofunika ikukwerera. CFD muisungire mafunso amene masamu akale aja sayankha: madzi akuchita chiyani kumbuyo kwa thunthu, akuthovukira kuti, bwato likuweramira mbali iti likathamanga.

Chinanso choti mudziwe ndi chitunda cha liwiro. Bwato wamba la mamita 12 limakakamira pa ma knot 8 ndi theka, chifukwa funde limene limadzipangira lokha limatalika mofanana ndi bwatolo, ndiye limakhala ngati likukwera mtunda wosatha. Thunthu lowonda, limene kutalika kwake kumaposa kutambalala ka 10 kapena ka 12, limapanga funde laling'ono moti limadutsa pamenepo. Koma chitundacho sichichoka, chimangochepa. Kwa inu chili pakati pa ma knot 9 ndi 11, pamene nambala ya Froude, yoyerekeza liwiro ndi kutalika kwa bwato, ili pafupifupi 0.4 mpaka 0.5. Pomwepo ndi pamenenso mafunde a thunthu lamanzere ndi lamanja amakumana pakati n'kuwonjezerana. Insel ndi Molland a ku yunivesite ya Southampton anayesa zimenezi m'thanki, lipoti lawo linatuluka mu 1992, ndipo anaona kuti mpata wa pakati pa mathunthu umasintha kwambiri kukana kwa madzi pa liwiro limenelo. Bwato lopepuka limadumpha chitundacho osazindikira. Lolemera limakhala pomwepo, mphuno m'mwamba, likumwa dizilo.

Yamikani:
Ndaweruka tsopano. Zonse za kulemerazi ndavomera, ndipo n'chifukwa chake ndikuti aluminiyamu. Ukatumiza fayilo ku makina a CNC, odula motsogozedwa ndi kompyuta, mapuleti amabwera odulidwa kale, aliyense ndi nambala yake ndi mizere yosonyeza pokhala nthiti. Kulemera kwa puleti iliyonse umakudziwa usanayatse makina owotcherera. Palibe zoti mmisiri wapaka resin wambiri lero chifukwa wadzuka mokwiya. Puleti ya aluminiyamu wa mtundu wa 5083 ya mamilimita 5 ndi ya mamilimita 5 basi.

Komanso yang'anani akuluakulu. Makampani okhoma zombo, Incat ku Hobart, Tasmania, ndi Austal ku Western Australia, onse amakhoma ndi aluminiyamu. Hoverspeed Great Britain, ya mamita 74, inawoloka Atlantic mu 1990 n'kutenga Hales Trophy, chikho cha chombo chowoloka nyanjayo mwaliwiro koposa. Francisco ya mamita 99 inafika ma knot 58 mu 2013. Mukuganiza anthu amenewo sadziwa fiberglass?

Phiri:
Amaidziwa, achimwene, koma akukhoma mamita 99. Kondwani akukhoma 12. Pa bwato laling'ono chimene chimalamula kunenepa kwa puleti si mphamvu ya mafunde yokha ayi, ndi dzanja la wowotcherera. Masamu akhoza kukuuzani kuti mamilimita 3 akwana, koma kawotcherereni mamilimita 3 muone mmene ipindikire ndi kutentha, nthiti zonse kuonekera kunja. Ndiye mumakwera ku 4 kapena 5, kenako filler wobisa makwinya, kenako zotchingira kutentha mkati chifukwa chitsulo chimachita thukuta. Mukaphatikiza zonsezo, fiberglass ya foam pakati yopangidwa bwino imapepuka kuposa.

Yamikani:
"Yopangidwa bwino." Mawu amenewo ndi amene akusenza nkhani yanu yonse, bambo. Nanga yopangidwa moipa mumaiona bwanji? Ine powotcherera poipa ndimapaona ndi maso, kapena ndithira dye penetrant, utoto woonetsa ming'alu, paoneke. Inu khungu likalekana ndi foam mkati mumadziwa bwato litagunda kale.

Phiri:
Timagogoda ndi kandalama kachitsulo kapena kahamala kakang'ono. Pabwino pamalira mwakuthwa, polekana pamalira mwabuu. Koma mwanena zoona kuti dzanja ndi limene limapha fiberglass, ndipo ndi pamene infusion yatithandiza. Ndifotokoze pang'ono kwa amene sanaionepo.

Mumayala nsalu ya galasi youma pa tebulo losalala kapena m'chikombole, foam pamwamba pake, nsalu inanso pamwamba, kenako kaukonde koyendetsa resin ndi mapaipi. Zonsezo mumaphimba ndi pulasitiki, n'kumata m'mbali ndi tepi yomata ngati phula. Mukayatsa pampu, mpweya wonse umatuluka, pulasitiki n'kukanikiza nsalu. Apa musathamange. Tsekani pampu, yang'anani geji kwa mphindi 15 kapena 20. Singano ikasuntha, pali pobowoka, ndipo muzungulira tebulo lonse khutu lili pafupi ndi pulasitiki mpaka mumve kaphokoso ka mpweya. Mukapapeza, ndiye mumatsegula paipi ya resin. Mumaona mzere wakuda ukuyenda pang'onopang'ono m'nsalu yoyera, ukudya malo ouma. Choopsa ndi pamene mizere iwiri yakumana n'kusiya kachilumba kouma pakati, kapena resin wayamba kutentha m'chidebe asanafike kumapeto.

Phindu lake ndi loti nsalu imamwa resin wokwanira basi. Ndi dzanja ndi burashi, makamaka pa chopped strand mat, nsalu ya ulusi wa galasi woduladula, resin amalemera kuwirikiza kawiri kuposa galasi. Ndi infusion galasi ndi limene limachuluka. Pa bwato lonse kusiyana kumeneko ndi makilogalamu mazanamazana. Ndipo simufunika chikombole cha bwato lonse. Derek Kelsall anaphunzitsa njira yopangira mapanelo aatali pa tebulo lafulati n'kuwapinda kukhala thunthu. Palinso mapanelo a DuFLEX ochokera ku Australia amene amabwera odulidwa kale ndi CNC, monga mapuleti a Yamikani omwewo.

Yamikani:
Kkkk ndiye mwavomera kuti CNC ndi mfumu. Koma ndisabise, aluminiyamu ali ndi zake. Pamene wawotcherera mphamvu imatsika, makamaka pa mtundu wa 6082 umene timagwiritsa pa nthiti, choncho wojambula awerengere mphamvu ya pambuyo powotcherera osati ya m'buku. Penti ya pansi yokhala ndi kopa musayandikize. Ndipo waya mmodzi wa magetsi wotayirira, wokhudza thunthu, akhoza kukubowolerani bwato mwakachetechete. Ma anode a zinc, tizitsulo timene timadyeka m'malo mwa thunthu, muziwayang'ana.

Gama:
Ine sindikhoma, ndimangoyendetsa, ndiye ndilankhule za mlatho umene a Nabanda anaukhudza. A Kondwani, kuchokera pa madzi kufika pansi pa mlatho mwasiya mpata wotani?

Kondwani:
Masentimita 60, a Gama. Ndimafuna denga lisakwere kwambiri, lizioneka bwino.

Gama:
Masentimita 60 pa matani 7. Pa matani 8 ndi theka ndi 51. Amene sanagonepo m'catamaran yotsika mlatho sangamvetse. Funde likalowa pakati pa mathunthu limasowa kopita, limamenya pansi pa mlatho ngati wina akusinja ndi munsi pansi pa bedi lako. Makapu amadumpha pa tebulo, zitseko za makabati zimatseguka zokha, ndipo umamva kugundako m'mano. Woyendetsa amachepetsa liwiro kufika 7 kapena 8, osati chifukwa injini yalephera koma chifukwa anthu atopa. Bwato la ma knot 16 limene sungaliyendetse pa 16 kunja kukachita mphepo, phindu lake n'chiyani?

Kwezani mlatho. Muuyambitsenso kumbuyo ndithu, usafike kumphuno. Ndipo zolemera monga tcheni cha nangula ndi mathanki musaike kumapeto kwa bwato, mathunthu owonda alibe mphamvu yokana kugwedera kutsogolo ndi kumbuyo.

Nabanda:
Ojambula ambiri amayambira pa 5 kapena 6 peresenti ya kutalika kwa bwato m'madzi, bwato litadzaza. Kwa inu ndi masentimita 60 mpaka 72, ndipo ine ndikanatenga nambala yam'mwambayo. Onaninso kuti mlatho si pokhala anthu pokha. Funde likabwera chammbali chakutsogolo, mphuno ya thunthu limodzi imakwera pamene inzake ikutsika, ndipo mlatho ndi umene umapotokola. Ming'alu imayambira m'makona momwe mlatho wakumana ndi thunthu, ndi m'makona a zitseko zoboola m'zipupa zazikulu. Apa ndi pamene kompyuta imagwiradi ntchito yake, FEA, njira yowerengera kulimba kwa chinthu, imakuonetsani pamene mphamvu yaunjikana kuti muwonjezere nsalu pomwepo pokha, osati paliponse. Katundu woti muyesere mumupeza mu muyezo wa padziko lonse wa ISO 12215, gawo 7 ndi la mabwato a mathunthu angapo. Za kusagubuduzika zili mu ISO 12217.

Tadala:
Pepani kulowerera akuluakulu. Bwanji osangoika magetsi? Denga la catamaran ndi lalikulu, ma sola akwanapo ambiri. PlanetSolar inazungulira dziko lonse ndi dzuwa lokha, inanyamuka ku Monaco mu September 2010 n'kubwerera mu May 2012. Ndipo Incat yomwe a Yamikani akuitamayo inatsitsa China Zorrilla mu 2025, mamita 130, ya mabatire okhaokha.

Nabanda:
Zonsezo n'zoona a Tadala, koma taonani manambala ake. PlanetSolar inali ya mamita 31, ma sola oposa masikweya mita 500, ndipo inkayenda pafupifupi ma knot 5. China Zorrilla ili ndi mabatire oposa 40 MWh olemera matani oposa 250, ndipo anaikhomera kuwoloka Río de la Plata, ulendo waufupi wokhala ndi potchajira mbali zonse.

Bwato la a Kondwani tinene kuti likufuna 100 kW pa ma knot 16. Maola 5 ndi 500 kWh. Mabatire a lithium iron phosphate, ndi mabokosi ndi mawaya ake, amasunga pafupifupi 120 Wh pa kilogalamu. Ndi matani 4 amenewo, pa bwato la matani 7. Dizilo wa ntchito yomweyo ndi malita pafupifupi 130. Akavomera kuyenda ma knot 6, nkhani isintha kotheratu, chifukwa pa liwiro limenelo mathunthu owonda amafuna mphamvu yochepa kwambiri ndipo magetsi amakwana bwino. Koma limenelo ndi bwato lina.

Tadala:
Ndamva. Koma ma knot 6 opanda phokoso ndi utsi ine ndingasankhe amenewo.

Gama:
Mpaka tsiku limene mtambo wakuda ukubwera kumbuyo kwanu ndipo doko lili mamailosi 20, mwana wanga.

Kondwani:
Nanga foil ija? Palibe wayankha.

Nabanda:
Foil ya pakati pa mathunthu si nthano. Pulofesa Günter Hoppe wa ku yunivesite ya Stellenbosch ndi amene anaikonza, imatchedwa Hysucat, ndipo mabwato ambiri akuyenda nayo. Phiko lalikulu limakhala pafupi ndi pakati pa kulemera kwa bwato, tiwiri tating'ono kumbuyo, ndipo likathamanga phikolo limasenza gawo la kulemera, mathunthu n'kukwera. Koma mphamvu yonyamula imakula ndi liwiro kuchulukitsa liwiro. Pa ma knot 30 phiko lomwelo limanyamula kuposa katatu zimene linganyamule pa 16. Ndiye pa liwiro lanu mufunika phiko lalikulu, lolemera, lokoka madzi, lokola zingwe ndi zinyalala, phindu lake lochepa. Komanso limayenderana ndi mathunthu afulati pansi, otsetsereka pamwamba pa madzi. Anuwo ndi ocheka madzi.

Kwa liwiro lanu yang'anani ntchito ya Malcolm Tennant wa ku New Zealand. Thunthu lake la CS limasongoka kumbuyo pansi pa madzi kuti madzi afike bwino pa pulopela, koma pamwamba pake pali kafulati koletsa kumbuyo kukhala pansi. Mabwato ake amayenda ma knot 15 mpaka 20 ndi injini zazing'ono, popanda foil.

Yamikani:
Ndipo thunthu lokhota chonchija pa aluminiyamu ndi mutu wopweteka, puleti imapindika mbali imodzi yokha mosavuta. Ukalisankha limenelo aise, pita kwa bambo Phiri, ine ndasamba m'manja.

Phiri:
Lembani tsiku la lero, Yamikani wapereka kasitomala. Kondwani, ndikupatse ntchito. Tsegula spreadsheet. Mzere uliwonse chinthu chimodzi: dzina lake, kulemera kwake, ndi mtunda wake kuchokera kumphuno. Injini pamodzi ndi giyabokosi ndi mafuta ake, shafiti, pulopela, chiwongolero, mabatire oyatsira, mathanki ndi zamkati mwake, mawindo, matiresi, chimbudzi, nangula, tcheni, penti. Penti ndi filler anthu amaiwala, koma pa bwato lotere zimakwana makilogalamu oposa 100 mosavuta. Pamapeto uwonjezere 10 peresenti ya zimene waiwala. Ukadzayamba kukhoma, sikelo ikhale pakhomo pa shedi, chilichonse cholowa m'bwato chikwerepo kaye, ulembe nambala yeniyeni pambali pa yongoyerekeza ija.

Kondwani:
Ndayamba usiku womwe uno. Ndangolemba injini, mathanki odzaza malita 800 a dizilo ndi 400 a madzi, anthu 8 ndi zikwama zawo, ndafika kale pafupi ndi matani 2.5, thunthu ndisanaliwerengere. Ndikuona kuti 7 ija sitheka.

Nabanda:
Musachite mantha, muli ndi njira ziwiri zabwino ndi imodzi yoipa. Yoipa ndi kunenepetsa mathunthu, mutaya kuwonda kumene kukukupatsani liwiro. Zabwino ndi kuchotsa katundu, kapena kutalikitsa mathunthu okha kufika mamita 13 kapena 13.5 nyumba ya pamwamba osaikulitsa. Mita yowonjezera ya thunthu lopanda kanthu imalemera pang'ono, imasenza zambiri, ndipo imakankhira chitunda chija patsogolo. Vuto ndi loti anthu akaona malo atsopano amafuna kuikamo bedi.

Malita 800 a dizilo mukupita nawo kuti? Pa malita 26 pa ola ndi maola 30 pa ma knot 16.

Kondwani:
Ndimafuna ndisamadere nkhawa za mafuta, achemwali. Ulendo wanga wautali sungapose maola 10.

Nabanda:
Ndiye 400 akwana, ndi otsala omwe. Mwapulumutsa makilogalamu oposa 300, masentimita awiri pa mlatho wa a Gama. Mukamaliza spreadsheet muitumize pano pamodzi ndi fayilo ya thunthu. Muonetse pamene pakati pa kulemera pagwera, bwato lili lodzaza komanso mathanki ali opanda kanthu, tione ngati mathankiwo ali pamalo pake.

Gama:
Muikemonso kabwato kakang'ono kopitira kumtunda ndi injini yake. Kamapachikidwa kumbuyo kwenikweni, ndipo sindinakaone pa mndandanda wanu.